Wikipedia ndi funso lakuti "Mwaziwerenga kuti?"

Wikipedia inabadwa mkulu wake atalephera kuyenda. M'mwezi wa Malichi 2000, Jimmy Wales, mmodzi wa eni ake a kampani ya pa intaneti yotchedwa Bomis ku San Diego m'dziko la America, anayambitsa insaikulopediya yaulere imene anaitcha Nupedia. Analemba ntchito Larry Sanger, amene anaphunzira za filosofi, kuti akhale mkonzi wamkulu. Dongosolo lake linali lofanana ndi la mabuku akale: nkhani zizilembedwa ndi akatswiri, makamaka a madigiri apamwamba, ndipo nkhani iliyonse izidutsa magawo 7 oiunika isanaonekere kwa anthu. Zinkayenda mwa apo ndi apo. Pamene Nupedia inkatsekedwa mu 2003, nkhani zomalizidwa zinali zisanakwane ngakhale 30.

Chithandizo chinachokera kumene sankayembekezera. Kuyambira mu 1995, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta Ward Cunningham anali ndi webusaiti imene wowerenga aliyense ankatha kusintha zolembedwamo nthawi yomweyo, popanda kupempha kwa wina. Kumayambiriro kwa Januwale 2001, Sanger anamva za njira imeneyi kwa mnzake Ben Kovitz, ndipo iye ndi Wales anagwirizana zoiyesa. Ankaganiza kuti akhala malo olemberapo zoyeserera, zimene pambuyo pake akatswiri a Nupedia azidzazikonza bwino. Akatswiriwo sanakondwe nazo, choncho pa 15 Januwale 2001 ntchitoyi inapatsidwa malo akeake ndi dzina lakuti Wikipedia. Chakacho chisanathe inali ndi nkhani pafupifupi 20,000.

Kutsegula chitseko kwa aliyense kunabweretsa vuto limene Britannica, yomwe inayamba ku Edinburgh mu 1768, sinakumanepo nalo. Pa Wikipedia mutu uliwonse uli ndi tsamba limodzi lokha. Palibe tsamba la okhulupirira ndi lina la osakhulupirira, kapena la chipani cholamula ndi lina la chotsutsa. Myuda wa ku Israel ndi Mpalestina, ngati onse akufuna kulemba za Jerusalem, ayenera kulemba pa tsamba lomwelo, ndipo aliyense angathe kufufuta zimene mnzake walemba. Popanda mgwirizano wina wake, tsamba lotere lingakhale likusinthasintha usana ndi usiku malinga ndi amene walowapo komaliza.

Mgwirizanowo ndi lamulo la kusatenga mbali. Sanger anali atalemba kale mfundo yoletsa kukondera ya Nupedia, ndipo Wales anaifotokozanso m'miyezi yoyambirira ya Wikipedia, n'kudzanena pambuyo pake kuti imeneyi yokha si yokambirana. Anthu ambiri amalimva molakwa lamuloli. Silinena kuti mbali zonse n'zofanana, ngati kuti wonena kuti dziko ndi lafulati apatsidwe malo ofanana ndi a sayansi ya zakuthambo. Limanena kuti pamene pali mkangano weniweni, wolemba aufotokoze mkanganowo m'malo molowamo: atchule amene akunena izi, atchule amene akunena izo, ndipo mbali iliyonse aipatse malo molingana ndi kulemera kwake pakati pa odziwa nkhaniyo. Zili ngati wofotokozera amfumu mlandu umene iwo sanaumve. Sanena wolakwa, koma saloledwanso kubisa kuti mboni zambiri zaima mbali imodzi.

Zaka ziwiri zotsatira zinali za mikangano imene inaumba Wikipedia. Mu Febuluwale 2002, olemba ambiri a Wikipedia ya Chisipanishi, motsogozedwa ndi Edgar Enyedy, anachoka n'kukayambitsa yawo yotchedwa Enciclopedia Libre, chifukwa kunamveka zoti pamasamba pangayambe kuikidwa zotsatsa malonda. Sankafuna kuti thukuta lawo laulere lidyetse kampani. Phunzirolo linamveka: zotsatsa malonda sizinaikidwe, ndipo mpaka lero palibe. Bomis itasowa ndalama zomulipira, Sanger anachoka mu Malichi 2002, ndipo pambuyo pake anadandaula poyera kuti Wikipedia sinkalemekeza akatswiri komanso inkalekerera anthu ovutitsa. Pa 20 Juni 2003, Wales anakhazikitsa Wikimedia Foundation ku St. Petersburg m'chigawo cha Florida, bungwe losapanga phindu lodalira zopereka za anthu, limene pambuyo pake linasamukira ku San Francisco. Bungweli limasamalira makompyuta, ndalama ndi milandu ya kukhoti. Nkhani zenizenizo sililemba, ndipo malamulo a kalembedwe amapangidwa ndi olemba ongodzipereka, chinenero chilichonse paokha.

Posakhalitsa zinaoneka kuti kusatenga mbali pakokha n'kosakwanira. Kunkabwera anthu amene ankati atulukira mfundo zatsopano za fizikisi zogwetsa Einstein, ndipo ankalemba masamba ataliatali odzaza masamu. Ndani pakati pa olemba wamba akanawatsutsa? Yankho la mu 2003 linali lakuti Wikipedia si malo olengezera zimene munthu watulukira yekha. Ngati mfundo yanu ndi yoona, kaisindikizeni kumene akatswiri anzanu amaunika zolemba, kenaka tidzaitenga kumeneko. Pa nthawi yomweyo linakula lamulo lachitatu, lakuti chilichonse cholembedwa chikhale choti wowerenga angathe kukachipeza m'buku, m'magazini ya akatswiri kapena m'nyuzipepala yodalirika. Kumapeto kwa chaka chomwecho kunakhazikitsidwa komiti yoweruza mikangano imene yakanika kutha mwa kukambirana, ndipo mu 2004 kunabwera lamulo loletsa munthu kubweza zosintha za anzake koposa katatu pa tsamba limodzi m'maola 24.

Mkangano wa mzinda wina wa m'mbali mwa nyanja ya Baltic ukusonyeza mmene anthuwa ankagwirira ntchito. A ku Poland amautcha Gdańsk, a ku Germany amautcha Danzig, ndipo kumbuyo kwa mayina awiriwa kuli nkhondo, kulandidwa kwa malo ndi kusamutsidwa kwa anthu. Olemba anakhala akufufutirana dzinali kwa zaka. Mu 2005 anavota n'kugwirizana kuti polemba za zaka za pakati pa 1308 ndi 1945 azilemba Danzig, ndipo za m'mbuyo mwake ndi za patsogolo pake azilemba Gdańsk. Palibe amene anasangalala kwathunthu, koma tsambalo linakhazikika.

Chaka chomwecho cha 2005 n'chimene chinasintha zinthu kwenikweni. M'mwezi wa Meyi, munthu wina wosalembetsa dzina analemba mbiri ya John Seigenthaler, mtolankhani wolemekezeka wa ku Nashville amene anakhala mkonzi wa nyuzipepala ya The Tennessean kwa zaka zambiri. M'mbirimo munali mawu akuti nthawi ina ankaganiziridwa kuti anatenga nawo mbali pa kuphedwa kwa pulezidenti John F. Kennedy ndi mng'ono wake Robert. Linali bodza lamkunkhuniza, ndipo lopweteka kwambiri chifukwa Seigenthaler anagwirapo ntchito ndi Robert Kennedy ndipo anali mmodzi wa onyamula bokosi pa maliro ake. Bodzalo linakhala pa tsambalo miyezi inayi popanda woliona, ndipo mawebusaiti ena amene ankakopera za pa Wikipedia analifalitsanso. Pa 29 Novembala, mkuluyu, ali ndi zaka 78, analemba dandaulo lake mu USA Today. Wolemba bodzalo atapezeka ananena kuti ankangofuna kuseweretsa mnzake wa kuntchito. Seigenthaler sanamusumire.

Zotsatira zake zinali zazikulu. Mu Disembala, Wikipedia ya Chingelezi inaletsa osalembetsa mayina kuyambitsa nkhani zatsopano, ndipo kunabwera lamulo lapadera lokhudza anthu amoyo: mawu aliwonse owononga mbiri ya munthu, ngati alibe gwero lodalirika, achotsedwe pompopompo, osadikira kukambirana. Kuchokera apo m'pamene manambala ang'onoang'ono olozera ku magwero anachuluka m'nkhani, pamodzi ndi kachizindikiro kaja kamene kamaikidwa pa chiganizo chopanda umboni. M'mwezi womwewo magazini ya sayansi ya Nature inapereka nkhani 42 za sayansi kwa akatswiri kuti ayerekeze Wikipedia ndi Britannica. Anapeza zolakwa 162 mu Wikipedia ndi 123 mu Britannica, koma zolakwa zikuluzikulu zinali 4 mbali iliyonse. Britannica inatsutsa kafukufukuyo mwamphamvu, Nature inakana kumuchotsa.

Mu 2007 munachitika china chimene chinamaliza kutsimikiza njira imene bungweli linatenga. Wolemba wina wotchuka, wodziwika ndi dzina lobisalira lakuti Essjay, ankauza anzake kuti ndi pulofesa wa maphunziro a zaumulungu wokhala ndi madigiri apamwamba, ndipo ankagwiritsa ntchito zimenezi kupambana pa mikangano. Magazini ya The New Yorker inamutchula choncho m'nkhani yake ya mu 2006. Kunadzapezeka kuti anali mnyamata wa zaka 24 wopanda madigiri amenewo, pamene anali atangoikidwa m'komiti yoweruza ija. Wales poyamba anamuikira kumbuyo, kenaka anamupempha kutula pansi maudindo. Pa malo amene sungathe kudziwa amene ali kuseri kwa kompyuta, digiri yongonena pakamwa ilibe ntchito. Chimene chingayesedwe ndi buku limene munthu walozera, chifukwa wina aliyense angalitsegule. Mu Ogasiti chaka chomwecho, wophunzira wina dzina lake Virgil Griffith anatulutsa pulogalamu ya WikiScanner, imene inaonetsa kuti zosintha zina zinkachokera m'makompyuta a makampani ndi maofesi a boma, kuphatikizapo kampani ya makina ovotera ya Diebold, kumene wina anafufuta ndime zoidzudzula. Vuto la olembedwa ganyu yoyeretsa mbiri za mabwana silinathe. Mu 2014 malamulo anasinthidwa kuti aliyense wolipidwa aziulula, ndipo mu 2015 maakaunti 381 anatsekedwa nthawi imodzi pa mlandu wotapa ndalama kwa anthu ndi makampani ang'onoang'ono.

Koma gwero lodalirika n'liti? Funsoli ndi lovuta kuposa mmene limamvekera. Mu Febuluwale 2009, Karl-Theodor zu Guttenberg atasankhidwa kukhala nduna ya zachuma ku Germany, wina anawonjezera dzina lakuti Wilhelm pa mndandanda wautali wa mayina ake pa Wikipedia ya Chijeremani. Atolankhani, kuphatikizapo a Spiegel Online, anakopera osafufuza. Olemba a Wikipedia atakayikira dzinalo n'kulichotsa, wina analibwezera n'kulozera ku nyuzipepala zomwezo ngati umboni. Bodza linazungulira n'kubwerera kwawo litavala suti. Nkhani zotere zinachititsa olemba kuyamba kuunika magwero amodzi ndi amodzi: kodi nyuzipepalayi ili ndi akonzi ofufuza? Kodi ikalakwa imavomera n'kukonza? Mu Febuluwale 2017, olemba a Wikipedia ya Chingelezi anagwirizana kuti Daily Mail ya ku Britain, ngakhale imagulidwa kwambiri, isamagwiritsidwe ntchito ngati gwero chifukwa cha mbiri yake yosafufuza ndi kupeka nkhani. Magwero odalirika ndiwonso anapatsa bungwe la Wikimedia poimira pamene boma la Turkey linatseka Wikipedia mu Epulo 2017 pokwiya ndi nkhani zonena za ubale wake ndi magulu ankhondo a ku Syria. Wikimedia inakana kuzifufuta, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula mu Disembala 2019 kuti kutsekako kunaphwanya ufulu wa anthu, ndipo pa 15 Januwale 2020 Wikipedia inatsegulidwanso.

Ine ndimaona kuti lamulo la magwero ndi limene linapulumutsa Wikipedia. Koma lili ndi mtengo wake, ndipo olipira si nthawi zonse amakhala olakwa. Mu 2012, wolemba mabuku Philip Roth anapempha kuti akonze nkhani ya buku lake The Human Stain, imene inkati mwina anatengera moyo wa wolemba wina, Anatole Broyard. Iye ankati anatengera zimene zinachitikira mnzake Melvin Tumin, pulofesa wa ku Princeton. Anamuyankha kuti akumvetsa kuti mwini buku ndiye, koma pakufunika gwero losindikizidwa. Roth analemba kalata yapoyera mu The New Yorker, ndipo kalatayo itasindikizidwa inasanduka gwero limene ankalifuna. Chaka chomwecho katswiri wa mbiri yakale Timothy Messer-Kruse anafotokoza zimene zinamuchitikira pa nkhani ya mlandu wa bomba la ku Haymarket mu Chicago mu 1886. Tsambalo linkati oimira boma sanapereke umboni wolumikiza oimbidwa mlandu ndi bombalo. Iye anali atawerenga zolembedwa za m'khotimo kwa zaka zambiri ndipo ankadziwa kuti umboni unaperekedwa. Zosintha zake zinabwezedwa, poyamba chifukwa ankalozera ku zikalata za khoti m'malo mwa mabuku a akatswiri, kenaka, atatulutsa buku lake, chifukwa maganizo ake anali a ochepa. Wikipedia imayenda kumbuyo kwa akatswiri, ndipo akalakwa onse nayonso imalakwa nawo mpaka atatembenuka. Kwa zaka zingapo lamulo lenilenilo linkanena mosabisa kuti muyeso ndi kutsimikizika osati choonadi, mpaka mawuwo anachotsedwa pamwamba pa lamulolo mu 2012.

Roth anali ndi magazini yaikulu yomulandira. Nanga amene alibe? Mu Seputembala 2007, Wales yemweyo analemba chiganizo chimodzi chokhudza Mzoli's, malo otchuka owotchera nyama ku Gugulethu mu Cape Town. Patangopita mphindi 22, woyang'anira wina anachifufuta ponena kuti sichikusonyeza kufunika kwa malowo. Nkhaniyo inabwezeretsedwa chifukwa woilemba anali Wales ndipo anthu anathamanga kukafuna magwero. Mu 2010, a ku Kenya anavutika kuti asunge nkhani ya Makmende, munthu wongopeka wa mu vidiyo ya gulu loimba la Just A Band amene dziko lonse linkamukamba, mpaka nyuzipepala zikuluzikulu zitalemba za iye. Ngakhale Donna Strickland, wasayansi wa ku Canada, nkhani yake inakanidwa mu Meyi 2018 kuti ilibe magwero okwanira, ndipo mu Okutobala analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi. Lamulo silinasankhe munthu pa milandu imeneyi. Linangotengera tsankho limene linali kale m'manyuzipepala ndi m'malaibulale, kumene amayi ndi Afirika analembedwa pang'ono.

Achal Prabhala, wofufuza wa ku India, anayesa kutsegula njira ina mu 2011. Iye ndi anzake anapita m'midzi ya ku India ndi ya ku Limpopo ku South Africa, kukafunsa anthu za magule, masewera ndi zakumwa zimene palibe buku lonena za izo. Anajambula mawu awo, anawasunga poyera, ndipo nkhani za m'Chimalayalam, Chihindi ndi Chisepedi zinalozera ku zojambulidwazo ngati magwero. Anapanganso filimu yotchedwa People Are Knowledge. Funso lake linali lomveka: ngati gogo wodziwa wanena, dzina lake ndi tsiku zalembedwa, ndipo aliyense angamvetsere, bwanji usakhale umboni? Otsutsa anayankha kuti ndiye wolemba yemweyo akusankha wofunsidwa, akufunsa yekha, n'kumasulira yekha, komwe kuli kufufuza kwa iwe mwini kumene lamulo la 2003 linaletsa. Mbali zonse zili ndi mfundo, ndipo nkhaniyi inakambidwanso kwambiri pa msonkhano wapachaka wa Wikimania umene unachitikira ku Cape Town mu 2018. Wikipedia ya Chingelezi sinasinthe.

Amene angafune kuti malamulo afewetsedwe ayang'anenso zimene zinachitika kumene oyang'anira anali ochepa. Wikipedia ya Chikroatiya inagwidwa kwa zaka pafupifupi 10 ndi kagulu ka oyang'anira okonda mtundu wawo monyanyira, kamene kankachepetsa nkhanza za ku msasa wa Jasenovac pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi kuthamangitsa otsutsa. Mu 2013 nduna ya zamaphunziro ya dzikolo, Željko Jovanović, inachenjeza ana asukulu kuti asamaidalire, ndipo lipoti limene Wikimedia inatulutsa mu 2021 linatsimikiza za kugwidwako. Mu 2020 kunaululika kuti nkhani zoposa 20,000 za Wikipedia ya Chisikoti zinalembedwa ndi wachinyamata wa ku America amene sankachidziwa chinenerocho. Analibe cholinga choipa, koma panalibe eni chinenero okwanira omuletsa. Malamulo atatu aja sagwira ntchito okha. Amafuna khamu la anthu osagwirizana amene akuyang'anirana.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza. Mwa zinenero zoposa 300 za Wikipedia muli Chichewa, koma nkhani zake n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zoposa 7 miliyoni za Chingelezi, ndipo olemba ake ndi owerengeka. Tsamba lonena za ufumu umene mabanja awiri akulimbirana, likalembedwa ndi mbali imodzi, lingakhale zaka popanda wolitsutsa. Wofuna kulikonza adzafunsidwa kumene waziwerenga, ndipo zambiri zimene akudziwa anazimva kwa akuluakulu. M'zaka za m'ma 1940, mphunzitsi Samuel Josia Ntara anasonkhanitsa zimene akuluakulu ankasimba n'kuzisindikiza m'buku la Mbiri ya Achewa. Mawu a akuluakuluwo lero angatchulidwe pa Wikipedia m'chinenero chilichonse, ndipo olemba mbiri angawayerekeze ndi zimene ena anamva kwina n'kuonetsa pamene akusiyana. Zimene Ntara sanafunse, ndi za midzi imene sanafikeko, zikudikirabe wofufuza wa ku yunivesite, mtolankhani kapena wosindikiza mabuku amene angazilembe odziwawo akadali moyo.